Mng'alu wa Kuseri kwa Tchalitchi

Timatabwa tofiira ta masewero oyeserera nkhondo anamupatsa Kaputeni Trayko Melnishki. Ndiye kuti tsiku limenelo mdani anali iyeyo.

Anali m'kalasi ya sukulu imene asilikali analanda. Mabenchi anawakankhira kukhoma, pakati n'kuikapo tebulo lalikulu lodzaza mchenga. Pamchengapo anaumbapo mapiri, mtsinje unali ulusi, midzi inali timiyala toyera. Mkatimo munkanunkha fodya ndi mankhwala a chipatala, poti nthawi yachisanu anthu ambiri anaferamo ndi kolera.

Chaka chapitacho mafumu oyandikana anagwirana manja n'kuthamangitsa Aturuki. Tsopano ankakanganirana nyama imene anapha limodzi. Aserbiya, amene tinkasuta nawo ndudu imodzi m'maenje, anali kuseri kwa phiri atatilozetsa mfuti. Ndi mmene alili mafumu, ubale wawo umathera pogawana.

Trayko maso ake anali pa kamwala kamodzi koyera m'munsi mwa phirilo. Kamwalako kanali Brezovets, kwawo. Kunali bambo ake, mkazi wake Nevena ndi ana awiri. Jenerale Radomirov anali atakonza zoti mizinga aiike pamudzipo. Trayko anali ataona kale zimene zimatsala pamudzi woikidwapo mizinga: makoma akuda ndi agalu onenepa.

Chomwe akanatha kuchita chinali chimodzi. Apambane masewerowo ali mdani, apambane mochititsa manyazi, mpaka Jenerale aone yekha kuti kudzera ku Brezovets n'kudziponya m'mbuna, asamutsire nkhondo kumlatho wakummwera.

Timatabwa tabuluu, asilikali athu, tinali ndi Kaputeni Lyuben, mwana wa loya wa ku likulu.

"Mbusa wa mbuzi wasanduka mfumu ya Aserbiya lero," anatero Lyuben akupukusa madayisi m'kapu. "Gonja msanga, ambwana, tikamwe kachasu wa rakiya kusanade."

"Ponya basi," anayankha Trayko. "Pakamwa sipakwera phiri."

Anasewera. Pofika masana mizinga ya Lyuben inali itakhala pa kamwala kaja, ikusesa mpata wa phiri. Tofiira tinkatha. Woweruza masewerowo ankangotola kamodzikamodzi n'kuponya m'kabokosi. Kamodzi kankaimira anthu zana, ndipo kalikonse kakagwa, gu, Trayko ankamva ngati dothi loyamba kumanda.

Anatsala ndi tochepa.

Kuseri kwa tchalitchi cha ku Brezovets kuli mng'alu m'thanthwe. Wodutsa amangoti ndi una wa nkhandwe. Koma ukalowa chowerama umatambasuka, mpaka bulu kudutsa bwinobwino, n'kukatulukira mbali ina ya phiri. Pamapu palibe. Makolo ankabisamo akazi ndi ana, okhometsa msonkho akabwera ndi mfuti. Mwana aliyense wa pamudzipo akatha msinkhu amamutengera kumeneko, n'kumulumbiritsa atagwira mtanda: mlendo asamve, ngakhale akhale mkamwini wako, ngakhale akhale wansembe wochokera kwina.

Trayko anamva mawu a lumbirolo m'khutu, mawu a bambo ake enieni, ngati aima kumbuyo kwake. Anacheuka. Kunali khoma lokha. Anadziuza kuti lumbiro silizimitsa moto.

Ananyamula timatabwa take n'kutidutsitsa pakati pa phiri la mchenga.

"Ee, ee! Anthu ako amera mapiko?" anakuwa Lyuben. "Bwana woweruza, palibe msewu apa. Akubera uyu!"

"Njira ilipo," anatero Trayko.

Jenerale, amene tsiku lonse anangokhala pafupi ndi zenera, anadzuka pang'onopang'ono. "Tisonyeze, mwana wanga."

Trayko analemba ndi chala pamchenga. Anayambira pa mkuyu wouma wa mbali ya Aserbiya, anasonyeza pokhota, pamene pamadontha madzi, pamene bulu amamutsitsa katundu, mpaka chala chinatulukira patchalitchi, kumbuyo kwenikweni kwa mizinga. Woweruza anaponya madayisi, nayamba kutola tabuluu. Anatola, anatola, kabokosi kanadzaza. Lyuben anatukwana n'kumenyetsa kapu pansi.

"Mwaona, bwana," anatero Trayko. "Tikadzera ku Brezovets tathera pomwepo. Nkhondo iyi ndi ya kumlatho."

Jenerale anagwedeza mutu namugwira paphewa. M'maganizo Trayko anaona Nevena akuyanika tsabola pakhoma, denga lili chilili, ana akulimbirana mkate pakhomo. Bambo akadzamva adzamulavulira kumaso, inde, koma adzamulavulira ali moyo.

"Wasewera bwino," anatero Jenerale, akukodola wojambula mapu kuti akope mzere wa chala uja usanafufutike. "Aserbiya sakuidziwa njirayi. Ndife tinkaifuna, tiwatulukire kumbuyo mawa. Anyamata anga akhala akufunsa kwanuko sabata yonse, koma anthu akwanu ndi miyala. Bambo ako anafera m'manja mwawo dzana osatchula ndi liwu limodzi."

Anayatsa ndudu, akuyang'anabe pamchenga.

"Akazi ndi ana ndiye sitinkadziwa kumene anathawira. Tsopano tadziwa."