Zaka Zosowa pa P60

Tionenji sanavule n'komwe jekete. Anadutsa pakati pa matumba a mpunga ndi zigubu za mafuta, analowa mu kaofesi ka kuseri kwa shopu osagogoda, n'kuponya mulu wa mapepala patebulo la Munaf.

"Zaka zanga zili kuti, bwana?"

Munaf, mwini shopu ija ya ku Belgrave, m'dziko la azungu, anavula magalasi n'kumuyang'ana. Anali mmwenye wobadwira ku Limbe, wa Chichewa chosapunthwa, wopereka moni ndi manja awiri. Tionenji anali atamugwirira ntchito zaka khumi ndi chimodzi, kulongedza katundu m'mashelefu, kukolopa, kuima pa kauntala mpaka mawondo kutupa. Lachisanu lililonse envulopu yake inkabwera yokwana, osaperewera ngakhale peni. Pa Idi ankalandira nyama ya mbuzi, pa Khirisimasi nkhuku ziwiri. Anzake a kutchalitchi akamadandaula za mabwana awo, iye ankati, "Ine wanga ndi m'bale." Chikomekome cha mkuyu.

Nyerere zake zinatulukira dzulo lake. Tionenji anali atangokwanitsa zaka 65, ndipo anapempha mwana wake Cynthia kuti amuonere pafoni kuti penshoni ya boma idzakhala zingati. Rekodi ya National Insurance, inshulansi ya boma imene amawerengera penshoniyo, inati zaka zowerengedwa ndi ziwiri zokha, zomalizazi. Zisanu ndi zinayi zoyambirira zinali zopanda kanthu. Ndipo munthu wosakwanitsa zaka khumi penshoniyo amangoimvera kwa anzake.

Cynthia anafukula ma P60 akale, mapepala aja amene bwana amapereka chaka cha misonkho chikatha, osonyeza zimene wantchito walandira ndi zimene zapita ku msonkho ndi ku inshulansi. Anamulozera ndi chala. Pa pepala lililonse panalembedwa kachidutswa chabe ka malipiro ake, kochepa moti boma silinawerenge chakacho, ndipo penshoni ya kuntchito sinayambike n'komwe.

Tionenji mapepalawo anali asanawawerengepo. Kunyumba kwawo zamapepala zinali za abambo. Iye ankangobwera nawo, mwamuna wake Alfred n'kuwatsekera m'sutikesi. Ngakhale ntchitoyi anadzamulankhulira ndi Alfred yemweyo, iye atakhala panja pa kireti ya zakumwa kudikira kuti amuna amalize zokambirana zawo.

Nkhaniyi itaululika dzulolo, Alfred ndiye anapsa mtima kuposa onse. Anamenya tebulo, kunena kuti anthu amenewa anazolowera kudyera anzawo masuku pamutu, kuti nkhani yotere ndi yofunika mwamuna, adzapita yekha sabata yamawa. Koma Tionenji anamumvera chisoni. Munthu wovutika ndi msana, woti ntchito ya ku weyahausi kosungira katundu anaisiya kalekale, woti kapenshoni kake wangoyamba kukalawa zaka ziwiri zapitazi, akakomokere m'shopu ya eni ake? M'mawa kutacha anakwera basi yekha osamudzutsa.

"Mayi a Cynthia, khalani pansi," anatero Munaf.

"Sindikhala. Ndaima zaka khumi ndi chimodzi m'shopu muno, lero ndiye mundipatse mpando?"

Sanafune kulira pamaso pa munthu ameneyu. Chomuwawa sichinali ndalama zokha. Chinali chakuti anamukhulupirira. Pamene mayi ake a Munaf ankadwala, ndi iye ankapita kukawasambitsa Lamlungu akaweruka kutchalitchi, popanda womutuma. Lero ukalamba wafika, mawondo atha, ndipo m'mabuku a boma iye ndi munthu wobwera dzana.

"Munkalemba kachidutswa, zinazo n'kubisa kuti musalipire boma. Bodza? Ndidzadya chiyani ine ndikasiya ntchito? Nyama yanu ya pa Idi?"

Munaf anatola pepala limodzi, analiyang'ana, n'kulibwezera. Nkhope yake sinaonetse manyazi. Inangoonetsa kudabwa, ndipo Tionenji anati mumtima, taonani katswiri, mpaka kudabwa amakutha.

"Ine sindinabise ngakhale peni, mayi. Zonse zimene ndinkakupatsani m'envulopu, boma likuzidziwa. Msonkho unalipiridwa, inshulansi inalipiridwa."

Tionenji anaseka, kuseka kosachokera pansi pa mtima. "Ndiye foni ya mwana wanga yapenga?"

Kunja kasitomala ankaimba kabelu ka pa kauntala, koma palibe anatekeseka. Munaf anaimirira, anatsegula kabati yachitsulo, n'kuyamba kusanthula mafayilo. Tionenji anapinda manja. Ankadziwa zimene zikubwera: manambala ophikidwa ndi akauntanti, Chingerezi chambiri, pomaliza envulopu yonenepa yoti atseke pakamwa. Anali atakonzeka kumuponyera nayo kumaso n'kupita kukamunenera ku ofesi ya misonkho tsiku lomwelo.

Koma Munaf anatulutsa ma P60 ena asanu ndi anayi, n'kuwayala limodzi ndi limodzi pambali pa ake aja. Shopu yomweyo, zaka zomwezo. Apa ndiye malipiro anali onenepa, inshulansi yokwana, chaka chilichonse chowerengedwa bwinobwino.

"Ine ndinauzidwa kuti munagwirizana kunyumba," anatero Munaf chapansipansi. "Za m'banja ndikanazifunsa bwanji?"

Tionenji anawerama kuti aone bwino. Pamwamba pa pepala lililonse panali dzina la Alfred, munthu amene m'shopumo anali asananyamulemo ngakhale paketi ya mchere.