Phala la a Katsache

Dengu lija lidali pomwe paja, pakona pa chigafa cha fodya, lokutidwa ndi nsalu ya chipani chakale. Frank, mmodzi wa antchito, ankati akaliona, mtima unkamuwira.

Udali mwezi wa Meyi, 1995, nyengo yosankha fodya pa esiteti ina kufupi ndi Mponela. Antchito adakhala pamzere, miyendo atatambasula, kupatula masamba ndi kumanga ndindi, timitolo ta fodya. Matipate adali atabwera, pakamwa pa anthu patamasuka, ndipo m'chigafamo nkhani idali imodzi basi: a Katsache.

A Katsachewa adali wapampando wa chipani chakale m'dera lonselo, mpaka kukafika kumapiri a ku Ntchisi. Masiku awo, wopanda khadi ya chipani mumsika sankapondamo. Woyankha mwano ankakwezedwa galimoto, ndipo ena sadabwerenso. Tsopano mkuluyo adali m'chitokosi kudikira mlandu, atakalamba, akudwala shuga, miyendo itatupa.

"Afere momwemo!" adatero Frank. "Wakuba nkhuku amagona pasimenti. Iwowa thupi lawo ndi lamtundu wanji?"

Frank sankangolankhula zandale. Bambo ake adakwapulidwa pabwalo a Katsache atalamula, ana awo akuona, chifukwa chokana kupereka mbuzi ya mphatso.

"Zoona, achimwene," adayankha Iness, mayi wolongolola amene ankakhala pafupi naye. "Koma agwira a Katsache okha. Amene ankawatuma aja ali kutauni, maloya ali pambali, akudya nyama. Boma lasintha, koma lamulo likuyang'anabe nkhope."

"Ndiye tiwasiye chifukwa enawo sadagwidwe? Tiyambe ndi amene tawapezawa!"

Mkangano udakula. Wina ankati akulu onse amangidwe, wina ankati zakale zikhululukidwe, dziko lipite patsogolo. Aliyense adali woweruza, fodya ali m'manja.

Amene sadatsegule pakamwa ndi Tabita yekha, mwini dengu uja. Adabwera pa esitetipo kuchokera ku Ntchisi, ali ndi mwana mmodzi, Luckness. Za mwamuna wake ankangoti adachoka, ndipo anthu adamaliza okha kuti adatchona ku Joni. Duku lake lakuda silinkachoka kumutu, ngakhale malata a chigafa atatentha chotani. Sankaseka, sankacheza, koma fodya ankamusankha bwino kuposa onse.

Chimene chinkawawa anthu ndi ichi: masana aliwonse, anzake akamapuma, Tabita ankanyamula dengu lija ulendo wa kupolisi. M'katimo munkakhala bakuli la phala la mgaiwa, lopanda shuga, monga amafunira wodwala. A Katsache ankakana chakudya cha wina aliyense poopa chiphe. Ngakhale abale awo adali atawathawa. Koma akangoona nsalu ya chipani chawo ija, ankati wabwera munthu wawo, nkudya mpaka kupala bakuli.

Zidali zochititsa manyazi, kunena zoona. Dziko lonse lavula nsalu imeneyo, ena akupukutira miphika, koma mayi mmodzi akuichapabe ndi kuisita!

"Inu, mayi a Luckness," adatero Frank mokweza, "mwangoti chete bwanji? Tiuzeni, bwana wanu uja atani?"

Tabita sadadzutse mutu.

"Apite nawo kuchipatala," adatero motsitsa. "Asafe."

M'chigafa mudabuka phokoso. Iness, amene masiku onse ankamuikira kumbuyo, adasuntha mkeka wake nkukakhala patali.

Apa mpamene adalowa a Alexio, kapitawo. Adali munthu wosakonda zolimbana, ndipo zimene adabwera nazo zinkawalemera. Mwini esiteti adali atalowa chipani chatsopano, ndipo adamva kuti m'misika anthu akuti esiteti yake ikudyetsa a Katsache.

"Mayi, abwana akuti musankhe," adatero a Alexio, maso ali pansi. "Dengu likatulukanso pachipata lero, ntchito yatha. Ndi nyumba yomwe mutuluke."

Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Kanyumba ka pa esiteti ndiko kadali kwawo kwa Tabita, ndipo Luckness adali atangoyamba kumene sekondale. Fodya akadali wambiri, ndipo ofuna ntchito adali mbwee pachipata.

Chitsulo cha masana chidalira.

Tabita adamaliza kumanga ndindi imene idali m'manja, nkuiika bwinobwino pamulu wake. Adadzuka, nkusasa chitenje. Adayang'ana kumene kudali nyumba za antchito, nthawi yaitali ndithu. Kenako adawerama nkutola dengu.

"Mwapenga kodi?" adakuwa Iness. "Ganizirani mwana!"

Frank adaima pakhomo, kutsekereza njira.

"Simudutsa musadatiuze," adatero. "Munthu adazunza dera lonse, inu mukutaya ntchito chifukwa cha mimba yake. Ndi ndani wanu? Ndi bambo wa mwana wanuyu?"

Tabita adatula dengu pansi. Pang'onopang'ono adamasula duku lija. Tsitsi lidagwera m'mapewa, lalitali, lopotana, lodzaza imvi, tsitsi loti lumo silidadutsemo zaka zambirimbiri. Amayi achikulire adagwira pakamwa, pakuti kwathu kuno mkazi amameta maliro a mwamuna wake akaikidwa.

"Bambo wa mwana wanga ndi Mose," adatero Tabita. "A Katsache adamukweza galimoto pamsika, ine ndili ndi pakati, ndipo mpaka lero sindidamete chifukwa sindidamuike. Iwo sandidziwa, koma ayamba kumanditchulira maina a anthu amene adawakweza galimoto. Akafa ndi njala m'chitokosimo, andilozera ndani pamene adamukwirira?"