Pampu Yopanda Mlandu

Langford wokonza magetsi anagwada pa pampu ya chitsime ku Kanakantapa, dzanja limodzi lili m'thumba kuopa kugwidwa nyesi. Waya wakuda wa mita yake yoyezera magetsi anali ataukoleka kale. Wofiira anaugunditsa mosamala.

Mavoti 230. Anauchotsa, n'kutembenuza batani kuti ayeze liwiro la magetsiwo. Linali 50, osagwedera.

Kumbuyo kwake kunaima Mainess, tcheyamani wa amayi a Chipani, ndi chidebe chouma. Repu wawo anali atagona m'dimba monse.

"Ba Langford, mwachipeza chaonongeka?"

Langford anayezanso kachitatu, akupempherera kawaya kopsa, kanthu koti manja n'kukonza. Pampu inkalira bwinobwino, koma paipi inkangopuma mpweya wotentha.

"Amayi, malaiti ali chabe bwino," anatero osacheuka.

Mainess anatula chidebe pansi, nayang'ana kumwamba. Kunalibe ndi kamtambo komwe.