Kafani Kotsonya

Magetsi atayaka chakumadzulo, Godfrey anabwerera kushopu yake pa Nsaru kuti akakonze kompyuta. Inali ya malemu mkulu wake, ndipo anachita kulanda kwa mlamu wake Febe anthu asanabalalike n'komwe pamaliro.

Vuto linali kafani ka pakhadi yotulutsa zithunzi. Kakamazungulira mwaliwiro kankamveka bwinobwino, koma kakangochepetsa liwiro kankalira ngati munthu akutsonya. Anakachotsa fumbi ndi burashi, n'kudontheza oyilo. Kanatsonyabe.

Godfrey anamuimbira foni Febe. "Mlamu, kodi munaichita chiyani kompyutayi? Mwanditumizira zakwanu eti?"

"Musandizolowere," anayankha Febe. "Munanyamula nokha ndi manja anu. Ngati ikukuvutani, afunseni eni ake." Anadula foni.

Godfrey anapsa mtima. Anakanikiza kafaniko ndi chala mpaka kanaima, kenako anazula chingwe kukhoma. M'shopu monse munangoti zii.

Kutsonya kuja kunamvekanso, pang'onopang'ono, koma tsopano kumbuyo kwake. Chitseko anali atakhoma yekha polowa. Sanayerekeze kucheuka. Chala chidakali pakafaniko, anamva mpweya wofunda ukumuuzira kunkhongo.