Chimbudzi cha Phoolmati

Kalaliki wa ku khonsolo anakankha bokosi la maswiti limene a Ramdhani anamubweretsera, osalitsegula n'komwe.

"Agogo, aletsa. Nyumba yatsopano siilumikizidwa ku paipi ya suweji mpaka patatha zaka ziwiri."

A Ramdhani anaseka, mano awo onse atatu poyera. "Mwanawe, akazi angawa akhala akulawirira kutchire ndi kachitini ka madzi zaka makumi anayi. Ndawamangira chimbudzi cham'nyumba, choyera ngati mbale ya alendo. Amangochipukuta, nkhalamba yopusayi."

"Adikire pang'ono."

A Ramdhani anagwira thumba la malaya. Munali kalata ya dokotala yoti mayiwo atsala ndi miyezi itatu, koma eni ake sankadziwa.

A Phoolmati anawakoka mkono. "Tiyeni, achimkulu inu, musamalire ngati mbuzi. Zaka ziwiri n'chiyani?"