Kachilombo Kofuna Dzina la Munthu Wolemekezeka

"Ndi katsopano! Dziko lonse palibe adakaonapo!"

Mwana wamkazi wa pakhomopo, wogwira ntchito ku labotale, analowa m'nyumba mwa makolo ake osagogoda, jasi loyera likadali m'thupi. Kabakiteriya kamene anakapeza m'dothi la kuseri kwa nyumba kankafunika dzina, lero lomwe.

"Abale ake ena adapatsidwa dzina la malo amene adapezeka, ena la maonekedwe awo, ena la munthu wolemekezeka," anatero ali wefuwefu. "Koma wokapeza saikapo lake."

Wolemekezeka! Bambo mtima unagunda ngati wa mkwati. Anakonza kolala, chonsecho anali atavala vesiti.

"Dothilo ndi la pakhomo panga. Lemba langa."

"Amasesapo ndani pamenepo?" anafunsa mayi. "Langa lilibe zilembo?"

"Bambo, likalembedwa silifufutika."

"Ndiye bwino! Maprofesa azilitchula mpaka muyaya." Anatsokomola mwaulemerero. "Kodi kamnzangako kamagwira ntchito yanji?"

"Sikayenda ayi. Kamangokhala malo amodzi phee, kudikira kuti chakudya chikapeze."

Mayi anaimba nthungululu mpaka galu anathawa pakhonde.

"Ine ndasiya, mwanangu. Lemba la bambo ako, lemba msanga! Amenewo ndi magazi awo enieni!"