Imvi za M'kamera

Kalipentala wokalambayo anaika diso pakabowo ka kamera ya mwana wake wamkazi, kachinthu kokwana m'thumba la jekete. Anangoona chifunga chomwe chija chimene wakhala nacho m'maso zaka zisanu, chikanireni magalasi.

"Simukuoneka kanthu umu," anadandaula.

"Dikirani, ababa," anatero mwanayo uku akupotokola kagudumu kakang'ono ka pambali pa kabowoko.

Chifunga chija chinachoka kamodzin'kamodzi. Pakhomo la khitchini panali pataima mkazi wake, akupukuta kapu. Mkuluyo anaona kachipsera ka pachibwano kamene anali atakaiwala, ndolo imodzi yopindika, ndi imvi zili mbuu pamwamba pa makutu.

"Dinani batanilo mujambule," anatero mwanayo.

Chala cha mkuluyo sichinasunthe.

"Mukundiyang'anitsitsa chiyani, bambo inu?" anafunsa mkaziyo, akuseka mwamanyazi.

"Imvizi zinabwera liti, mayi?"

"Zinabwera inu muli pomwepo."

Kamera inali chikhalire padiso la mkuluyo. Mkazi wake anatembenuka kuti alowe m'khitchini.

"Musapite," anatero chapansipansi. "Kapuyo sinaume. Ipukuteninso."